Chuma chimene chagona pansi pa minda ya Mfumu Kalindawalo

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi achinyamata a m'maboma a Petauke ndi Nyimba



Ndabwera kudzakamba za kachipangizo kamene zaka makumi awiri zapitazo ambiri a ife tinali tisanakaonepo, koma lero tikukumana nako m'tinjira ta kumidzi, katakolekedwa paphewa pa mnyamata kapena katamangiriridwa pa njinga yamoto. Ndi ndodo yokhala ndi chimbale kumunsi, kabokosi kumtunda, ndi zomvera za m'makutu. Ena amangoti mashini, ena amati ditekita. Ukamayendetsa chimbalecho pamwamba pa nthaka, chikadutsa pamene pali chitsulo, kabokosi kaja kamalira. Ku Ulaya ndi ku America anthu amakagula kuti azisangalala nako Loweruka ndi Lamlungu, kufunafuna ndalama zakale, mphete ndi mabatani a asilikali m'minda ndi m'mphepete mwa nyanja. Kuno kwathu kanabwera ndi njala ya golide. Njala imeneyo sindinabwere kudzainyoza. Mtengo wa thumba la feteleza ndikuudziwa, ndipo tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene chimanga chinapserera m'munda chisanabereke. Mnyamata amene wanyamula mashini kulowa nawo m'tchire akufuna chimene tonsefe tikufuna, kuti ana adye ndi kupita kusukulu.

Tiyambe takamvetsa kachipangizoka, chifukwa bodza limamera msanga pamene anthu sadziwa kagwiridwe ntchito ka chinthu. M'chimbale chija muli waya wokulungidwa kambirimbiri. Mabatire akatumiza magetsi m'wayamo, pamatuluka mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka. Ikakumana ndi chitsulo, mkuwa, siliva kapena golide, imadzutsa timagetsi tochepa m'chinthucho, chinthucho n'kubweza kamphamvu kakekake. Makina akamva kubwezako ndiye amalira. Nzeru yake yonse ndi imeneyi, mulibe mankhwala, mulibe chizimba. Mphamvuyo imatha msanga ikamatsikira pansi. Khobidi limamveka likakhala pa masentimita 20 kapena 30, dzenje losafika ndi m'chigongono momwe. Chinthu chachikulu ngati mphika wachitsulo chimamveka chili pansi pang'ono kuposa apo, mwina mita imodzi. Dothi lathu la katondo lili ndi chitsulo chachilengedwe chambiri, n'chifukwa chake makina otchipa amangolira paliponse, mwini wake n'kumakumba maenje opanda kanthu mpaka dzuwa kulowa. Makampani odziwika monga Minelab ya ku Australia ndi Garrett ya ku America amapanga makina otha kupirira dothi lotere, koma amphamvu kwambiriwo mtengo wake ndi wa ng'ombe zingapo, ndipo pamsika palowa ena achinyengo olembedwa mayina a makampani omwewo.

Ndiye wina akadzafika pamudzi ndi timawaya tiwiri tozungulirazungulira, n'kumati makina ake amaona golide ali mamita khumi pansi kapena ali kuseri kwa phiri, musagulitse mbuzi. Makina a m'manja otero kulibe. N'chimodzimodzi ndi nkhani zija zimayenda m'mabasi ndi pa WhatsApp: zoti simbi yakale ya makala yokhala ndi tambala pamwamba ili ndi mekyule wofiira, zoti pansi pa zipilala za opima malo zimene zili pamwamba pa mapiri azungu anakwirirapo chuma, zoti Ajeremani anasiya mabokosi a golide m'mapanga. Mekyule wofiira wa mphamvu zodabwitsayo kulibe, ndi nyambo ya akathyali. Zipilala zija ndi simenti ndi kachitsulo kosonyeza pamene opima malo anaimika zida zawo, ndipo wogwetsa chipilala akufafaniza chizindikiro chimene mapu a malo athu amadalira. Kunena za Ajeremani, gulu la nkhondo la von Lettow-Vorbeck linalowa m'dziko muno chakumpoto mu 1918, linafika ku Kasama ndi pamtsinje wa Chambeshi, n'kukatula zida ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, pa 25 November. Kuno ku Unsenga silinapondeko phazi, ndipo linali gulu la anthu otopa, oyenda pansi, osakasaka chakudya.

Mphekesera ya golide si yachilendo m'chigawo chino cha Kum'mawa, ndipo inakhetsapo magazi. M'zaka za m'ma 1880 kunabwera Mjeremani wina wamalonda a minyanga, Carl Wiese, kuchokera kwa Apwitikizi a ku Zambezi, nakhala bwenzi la Mpezeni, mfumu ya Angoni. Mu 1891 anatenga pepala lonena kuti Mpezeni wamupatsa ufulu pa miyala ya pansi pa dziko lalikulu. Pepalalo linayenda m'manja mwa anthu mpaka linabala kampani ya North Charterland Exploration mu 1895, ndipo azungu anaikamo ndalama pokhulupirira kuti dziko la Mpezeni ladzaza golide. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anachokera ku Nyasaland ndi mfuti za chiwaya, anagonjetsa Angoni, anawombera Nsingu mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Nanga golide uja? Anapezeka wochepa, wosafika n'komwe pa zimene ankalota. Kampaniyo inatembenukira ku malo, inayamba kugulitsa minda kwa azungu olima fodya, ndipo anthu ambiri anasamutsidwira ku malo opanikizana amene ankawatcha marizevu. Ena mwa mabwinja amene mumawaona m'tchire, pamene pali mitengo ya mango yokalamba koma nyumba palibe, anasiyidwa pa misamuko ya nthawi ya atsamunda ngati imeneyo.

Sindikunena kuti golide kulibe. Alipo. Mgodi wa Sasare, kumpoto kwa boma la Petauke, unakumbidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero anthu amasefa mchenga m'mitsinje ya kuchigwa ndi ya ku Rufunsa. Imeneyo ndi nkhani ya migodi, ndipo ili ndi malamulo akeake: miyala yonse ya mtengo wapatali ya pansi pa dziko la Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa mtundu wonse, ndipo wofuna kukumba amafunika laisensi. Za maenje ogumukira anthu, ndi za mekyule weniweni uja wotuwa amene amalowa m'madzi ndi m'nsomba, tidzakamba tsiku lina. Lero nkhawa yanga ili pa zimene makinawa amakumana nazo panjira yofunira golideyo, zimene mnyamata amatola, n'kuzitembenuzatembenuza m'manja, kenako n'kuzitaya kapena kuziponya m'thumba la zitsulo zakutha zokagulitsa pasikelo.

Pansi pa minda yathu pali chiyani? Anthu osula zitsulo akhala m'chigawo chino zaka zoposa 1,500. David Phillipson, amene anafufuza ku Kamnama kumpoto kwa Chipata, ku Makwe, ku Thandwe ndi ku Kalemba, anasindikiza zimene anapeza mu 1976. Iyeyu ndiye anaonetsa kuti kaumbidwe ka mbiya kamene anakatcha ka Luangwa kanayamba cha m'zaka za m'ma 1000, ndi kuti sikanaduke. Ndi komweko kamene agogo athu aakazi a Chinsenga ndi a Chichewa akhala akuumba, ndi zocholachola zake za m'khosi mwa mphika. Choncho phale limene khasu lanu lavundukula likhoza kukhala la agogo a amayi anu, likhozanso kukhala la zaka 800 zapitazo. Pali malo a ng'anjo, pamene mumapeza zibulumwa zakuda zolemera zotsalira posungunula nthale, ndi zidutswa za timipope tadothi timene mvukuto unkapumiramo. Pali makasu akale, amene ntchito yawo sinali kulima kokha chifukwa ankagulanso zinthu ngati ndalama. Pali mipaliro ya mivi, nsompho ndi zibangili za mkuwa.

Ndiye pali za malonda ndi za nkhondo. Luangwa imakathira mu Zambezi pa Feira ndi Zumbo, pamene amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa anakhazikika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. Minyanga ya njovu za kuno inkatsikira kumeneko ndi ku Tete, ndipo kuchokera kumeneko kunkabwera mikanda, nsalu, waya, kenako mfuti za gogodela ndi wonga. Mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, Zwangendaba ndi Angoni ake anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, ndipo dziko loyamba limene Angoni anakhalamo zaka zingapo tsidya lino linali la Ansenga. Pambuyo pake kunadza Achikunda a Kanyemba ndi a Matakenya, osaka njovu ndi anthu omwe. Makolo ena anathawira m'mapiri, ena anamanga malinga. Nthawi zotere zimasiya zizindikiro m'nthaka: chipolopolo cha mtovu, chitsulo cha mfuti, belu, mkanda wabuluu. Zambiri zimene zinalembedwa za masiku amenewo analemba ndi alendo, Apwitikizi ndi Angerezi, ndipo ankalemba zowakhudza iwo. Mbali yaikulu ya Ansenga yatsala m'malo awiri: m'kamwa mwa akuluakulu, amene akutisiya chaka ndi chaka, ndi m'dothi.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Makina aja amamva chitsulo chokha. Samva phale, samva makala, samva fupa, mkanda wagalasi, mpande kapena ulusi wa thonje. Koma zosamvekazo ndi zimene zimauza munthu kuti chitsulocho n'cha liti, chinali cha yani, ndipo chinafika bwanji pamenepo. Makala a pamoto wa makolo, akatengedwa bwino pamene anagona, akatswiri amawayeza n'kudziwa zaka zake. Chitsulo chikazulidwa chokha, makalawo n'kumwazidwa ndi fosholo, umboni watha. Kuzula chinthu chakale osalemba pamene chinali kuli ngati kunyamula mwana wakhanda n'kukamusiya pamsika wakutali: moyo ali nawo, koma palibe adzadziwe mfunda wake, mudzi wake kapena amalume ake.

Ndikupatseni chitsanzo cha m'dziko lathu lomwe lino. Mu 1960, anthu a Chitonga atasamutsidwa chifukwa cha damu la Kariba, antchito a boma ankakumba maziko a thanki ya madzi pa kachitunda kotchedwa Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, pakati pa Chirundu ndi Siavonga. Anakumana ndi mafupa a anthu ovala mikanda ya golide. Nkhani inafika kwa oyang'anira zinthu zakale, J. H. Chaplin anathamangirako kukapulumutsa zimene akanatha, ndipo Brian Fagan anapitiriza ntchitoyo mu 1961 ndi 1962. Pakati pa kachitundako panali manda 11 a anthu olemera. Anapezamo mikanda ya golide, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, mpande, mitanda ya mkuwa, mabelu achitsulo, zida zokokera waya, ndi zibangili za mkuwa zodzaza mikono ndi miyendo.

Tsono tamverani ichi. Pansi pa zibangilizo panatsalira tizidutswa ta nsalu. Dzimbiri lobiriwira la mkuwa limaletsa tizilombo towoletsa zinthu, choncho nsalu imene inakhudzana ndi mkuwa sinawole yonse. Tinsanza timeneti, tooneka ngati zinyalala, anatisunga. Patapita zaka zoposa 50, mu 2017, Susan McIntosh ndi Fagan yemwe uja anafalitsa zotsatira za kuyeza nsaluzo ndi njira zatsopano. Zinaonetsa kuti mandawo si a m'zaka za m'ma 1300 kapena kuchiyambi kwa 1400 monga mabuku ankaphunzitsira. Ndi a pambuyo pake, cha m'zaka za m'ma 1500, nthawi imene Apwitikizi anali atayamba kale kulowerera m'malonda a Zambezi. Akatswiri anayenera kuiganiziranso mbiri ya malonda a mtsinje wonsewo chifukwa cha tinsanza tija.

Taganizani akanayamba kufika pamenepo munthu wa ditekita, usiku, ndi tochi. Akanazula zibangili, akanazikwecha ndi mchenga ndi mandimu kuti ziwale, golide akanamusungunula. Iye akanadya ndalamayo miyezi ingapo. Ife tonse tikanataya mbiri ya zaka 500, osadziwa n'komwe kuti tataya kanthu. Ndipo Zambezi imene inkadyetsa amalonda a ku Ingombe Ilede ndi yomweyo imene Luangwa yathu imathiramo. Ndani angalumbire kuti m'dziko la mafumu athu, la Nyalugwe, la Luembe, la Mwape, la Ndake kapena la Sandwe mulibe kachitunda kena kotere?

Izi si zongoyerekeza ayi. Tsidya la Zambezi, mu 1895, azungu anakhazikitsa kampani yotchedwa Rhodesia Ancient Ruins, ntchito yake kukumba mabwinja amiyala a makolo a dzikolo pofuna golide. Anagwadula mabwinja oposa 40, anafukula manda, zokongoletsera zambiri za golide zinasungunulidwa, mapale ndi mafupa n'kutayidwa. Akatswiri a mbiri ya Zimbabwe akudandaulabe mpaka lero. Ifenso timadandaula, ndipo m'pake, kuti chigaza cha munthu wa ku Kabwe, chimene chinapezeka mumgodi wa Broken Hill mu 1921, chili ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere. Koma chigazacho chilipo, tsiku lina chikhoza kukwera ndege kubwera kwawo. Chibangili chosungunulidwa sichibwerera, ndipo bwinja lokumbidwa mwachisawawa palibe angalibwezeretse. Zimandiwawa kuganiza kuti zimene alendo anachitira anansi athu ndi mapiki, ife tikhoza kudzichitira tokha ndi mabatire.

Lamulo lilipo, ngakhale ambiri sitinaliwerenge. Ndi lamulo la National Heritage Conservation Commission la 1989, chaputala 173 cha malamulo a Zambia. Limaika malire pa 1 January 1924, chaka chimene dziko lino linachoka m'manja mwa kampani ya British South Africa kupita m'manja mwa boma la Britain. Chinthu chopangidwa kapena chogwiritsidwa ntchito m'dziko muno tsiku limenelo lisanafike, chimene chili ndi phindu pa mbiri kapena pa chikhalidwe, n'chotetezedwa. N'chimodzimodzi bwinja, manda akale, ng'anjo ndi phanga la zojambula. Wochipeza ayenera kudziwitsa bungwelo pasanathe masiku 14, ndi kuyamba waimitsa ntchito pamalopo. Kukumba malo otere, kuchotsapo zinthu kapena kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo cha bungwelo ndi mlandu. Kukhala mwini munda sikufafaniza lamulo limeneli. Chilolezo cha mfumu ya mudzi n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha bungwelo.

Kodi ndiye kuti makinawa tiwatenthe? Ayi. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kali ndi ntchito yabwino tikadziwa pometa. Malo amene munthu angafufuze ndi mtima woyera alipo ambiri: pabwalo la mpira, pamsika, pokwerera mabasi m'mbali mwa Great East Road, padooko pamene amayi amachapa, m'munda umene pulawo yautembenuza zaka makumimakumi. Kumeneko mudzapeza mphete ya ukwati imene mayi wina anailira chaka chatha, ndipo kumubwezera kudzakupatsani dzina labwino pamudzi. Mudzapeza makiyi a njinga yamoto. Mudzapezanso ndalama za agogo: khobidi lobowola pakati la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lija la njovu ziwiri, tiki, sikisi, sheleni ya Zambia ya 1964, ndi mangwee oyamba a 1968 okhala ndi nkhope ya Kenneth Kaunda. Ndikuuzeni zoona, ndalama zimenezi zinasulidwa mamiliyoni, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amazigula motchipa. Amene akukuuzani kuti khobidi lobowola ligula galimoto akungofuna kuti mumulipire yoyezera.

Koma phindu lina lilipo. Ikani sheleni m'manja mwa mwana wa giredi 7, mumuuze kuti msonkho wa nyumba utayamba kuno, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, unali masheleni atatu, ndi kuti pofuna masheleni amenewo azigogo ake anayenda pansi kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni, ena osabwerako. Phunziro limenelo mwanayo sadzaliiwala.

Wofuna kufufuza ayambe wapempha kwa mwini munda ndi kwa mfumu ya mudzi, ndipo agwirizane zisanapezeke zinthu, chifukwa zikapezeka chibale chimatha. Asatsike kupitirira pamene pulawo imafika, poti dothi la pamwambalo linasakanizika kale, pamene la pansi likadasunga zinthu monga zinagonera. Foni imene ili m'thumba mwake ndi chida chachikulu kuposa mashiniwo: ajambule chinthucho asanachizule, alembe manambala a malo amene foni imaonetsa, alembe tsiku ndi dzina la mudzi. Asakweche, asatsuke ndi mandimu kapena asidi wa batire. Akwirire dzenje lake, ng'ombe za anthu zingathyoke miyendo. Ndipo akangoona mafupa, phulusa, mapale ambiri pamodzi, kapena zitsulo zingapo zitagona malo amodzi, aime pomwepo. Pamenepo papitirira masewera.

Ku England, kumene anthu ofufuza ndi makinawa alipo zikwi zambiri, iwo ndi akatswiri a zinthu zakale anakhala akukangana nthawi yaitali. Kenako mu 1996 anakhazikitsa lamulo la Treasure Act, ndipo mu 1997 anayambitsa ndondomeko ya Portable Antiquities Scheme, imene inaika anthu m'zigawo oti aliyense wopeza chinthu akawaonetse, chilembedwe m'kaundula. Zinthu zoposa miliyoni imodzi zalembedwa m'kaundulayo. Mu July 2009 bambo wina, Terry Herbert, anapeza golide wosulidwa wolemera makilogalamu oposa asanu m'munda wa mlimi ku Staffordshire, wa zaka pafupifupi 1,300 zapitazo. Ananena. Akatswiri anabwera kudzakumba bwino, nyumba zosungiramo zakale za ku Birmingham ndi ku Stoke-on-Trent zinagula chumacho pa mapaundi 3.285 miliyoni, ndipo iye ndi mwini munda anagawana. Ena awiri amene anapeza chuma ku Herefordshire mu 2015 n'kuchibisa, anagamulidwa kukhala m'ndende mu 2019, ndipo ndalama zakale zambiri zimene anapezazo zinasowa. Mapaundiwo tiwasiye, boma lathu lilibe ndalama zotero. Chimene ndikutolapo ine n'choti kumeneko munthu woona mtima ali ndi khomo lapafupi logogodapo.

Ifeyo khomo limenelo lili kutali. Nyumba za boma zosungiramo zinthu zakale zili ku Livingstone, ku Lusaka, ku Ndola, ku Mbala ndi ku Choma. Kuchoka pa Petauke kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400. Mlimi wa kwa Mwanjawanthu amene pulawo yake yazula mtanda wa mkuwa, mukuti akwere basi ndi ndalama zake kukanena? Ndipo akuopa kuti akanena amulanda munda kapena amumanga. Wogula zitsulo zakutha ali pamseu pomwepa, ndalama ili m'manja. Apa sindingaimbe mlandu mlimi yekha. Lamulo limene limalamula munthu kunena, koma osamupatsa ponenera pafupi, latsala theka.

Pali zinthu ziwiri zimene sindikufuna kuti mutuluke muno musanazimve bwino. Choyamba ndi manda. Manda amene tikuikamo lero aliyense amawadziwa, koma alipo akale amene mudzi unasamuka n'kuwasiya, ndipo chizindikiro chake ndi kamsitu kamene makolo ankaletsa kudulamo mitengo. Makolo ena ankaikidwa ndi zibangili zawo, ndiye makina amalira kwambiri malo oterowo. Kufukula manda ndi mlandu kukhoti la boma ndi kubwalo la mfumu, koma ngakhale pakanakhala popanda lamulo, amene wagona pamenepo ndi gogo wa munthu, mwinanso wa iwe wokumbawe. N'chimodzimodzi ndi malo a kachisi ndi mapiri opempherako mvula.

Chachiwiri ndi mabomba. Makina amenewa anakulira kunkhondo: msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anakonza mu 1941 ditekita yofufuzira mabomba okwirira pansi, ndipo mpaka lero imeneyo ndi imodzi mwa ntchito zake zazikulu. Maboma athu awiriwa ali m'malire ndi Mozambique. Akuluakulu muli pano mukukumbukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene zigawenga za Renamo zinkawoloka malire, ndipo othawa nkhondo anakhazikitsidwa ku Ukwimi kuyambira 1987. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, ndipo kuno bungwe la Zambia Mine Action Centre lagwira ntchito yomweyo. Koma zipolopolo zikuluzikulu ndi mabomba oponya amene sanaphulike angathe kutsala m'tchire. Chitsulo chadzimbiri chooneka ngati chinanazi, ngati botolo kapena ngati chitini, makamaka m'midzi ya m'malire, musachigogode, musachinyamule, musachiike pamoto. Ikani chizindikiro patali, chotsani ana, kauzeni apolisi.

Za m'madzi ndingonena mwachidule. Madzi akaphwa mu September ndi October, mchenga wa Luangwa ndi wa Msanzala umakopa ofufuza, ndipo madooko akale ndi malo amene apaulendo ankatayapo zinthu. Koma ng'ona ndi mvuu zimaunjikana m'maiwe otsalawo nthawi yomweyo, ndipo mbali yaikulu ya kuchigwa ili m'malo osungira nyama a West Petauke ndi Sandwe, kumene kuli malamulo enanso.

Pempho langa likupita choyamba kwa inu mafumu. Inu ndi nduna zanu ndinu mukudziwa pamene panali midzi yakale, malinga, ng'anjo ndi manda osiyidwa. Itanani akuluakulu akadali moyo, malo amenewa alembedwe mudzi ndi mudzi, ndipo zilengezedwe pabwalo kuti pamenepo ditekita sipondapo. Mlendo wobwera ndi makina ndi galimoto, kaya ndi wa ku Lusaka kaya wa kunja, aonetse mapepala asanatsitse katundu. Aphunzitsi, kabati imodzi yokhoma ndi kope limodzi n'zokwanira kuyamba: mwana akabweretsa phale kapena ndalama imene yatuluka polima, lembani tsiku, munda ndi dzina la wopeza, ndipo chimene chikuoneka kuti n'cha kale kuposa 1924 mudziwitse bungwe lija. Makhansala ndi aphungu athu, pemphani kuti pa Petauke pakhale chipinda chosungiramo zakale za Ansenga, ndi munthu wa National Heritage Conservation Commission woti azifikako nthawi zodziwika, kuti wopeza chinthu azilandiridwa ndi ulemu ndipo dzina lake lilembedwe pambali pa chimene anapeza. Anthu akasonkhana ku mwambo wa Tuwimba mu October, bwanji osaona ndi maso khasu limene linasulidwa m'dziko lomwe lino?

Ndipo inu achinyamata amene muli ndi makina kale, palibe akukulandani. Mukuyenda malo amene akatswiri a ku yunivesite sanapondepo, ndipo mwina wina wa inu waona kale chinthu chimene chingasinthe zimene ana athu amaphunzira za Unsenga. Ngati chili m'thumba kunyumba, musachigulitse pasikelo. Pitani nacho kwa mfumu ya mudzi kapena kwa mphunzitsi wamkulu sabata ino, munene pamene munachipeza mukadakumbukira, uthenga upite ku bungwe la zinthu zakale.